Kalendala ya pa Makina a Malemu

Mzere woyamba anauona ndi mayi wolandira alendo, Lolemba m'mawa. Pa kalendala yatsopano ya ofesi, pakati pa msonkhano wa abwana ndi ulendo wa dalaivala, panalembedwa kuti: "12:30, nkhomaliro ndi bambo a mwana, kuseri kwa masitepe." Dzina la wolemba linali la sekilitale wakale, amene anamuika m'manda miyezi isanu ndi itatu yapitayo.

Bambo a mwanawo anali a Mawaya, mmisiri wa makompyuta pa ofesipo, ndipo kalendalayo inali ntchito ya manja awo. Makompyuta a mmenemo anali ngati ana a mitala, mitundu itatu yosamvana, moti misonkhano iwiri inkagundana m'chipinda chimodzi. A Mawaya anafufuza milungu itatu mpaka anapeza pulogalamu yaulere, yoti aliyense akhoza kuona mkati mwake n'kuikonza, imene makina onsewo ankaimva. Abwana, pokhala ouma manja, anakana kugula seva, kompyuta yosungiramo kalendalayo. Choncho a Mawaya anatsitsa kompyuta ya malemu akazi awo, sekilitale uja, pamwamba pa kabati, n'kuipukuta fumbi, n'kuiyatsa m'kachipinda ka mafayilo.

Anafotokozera anzawo kuti palibe chodabwitsa. Malemuwo analemba nkhomaliroyo kuti izidzibwereza mlungu uliwonse, osaika tsiku lothera, ndipo pulogalamuyo yangotola zakale. Anthu anagwedeza mitu, koma palibe amene anafunsa chifukwa chake sanaufufute mzerewo.

Lachiwiri kunacha ndi mzere wina: "Nsapato za mwana zathina." Umenewu sunali wakale. Mwanayo anadandaula za nsapatozo dzulo lake madzulo, ali awiriwiri ndi bambo ake m'nyumba.

Manong'onong'o anayamba. Mlonda anati usiku amamva kugogoda kwa zala m'kachipindako, pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuganizira mawu, chonsecho makinawo analibe kiyibodi. Mayi wosesa anakana kulowamo. A Mawaya anasintha mapasiwedi onse, anafufuza ngati wina akuwaseweretsa, sanapeze phazi la munthu. Kunena zoona, ankaopa kulipeza. Anayamba kufika kuntchito kusanache bwino, ngati mnyamata wodikira kalata, ndipo Lachitatu anapeza kuti: "Kolala ya shati yapindika kumbuyo." Anaigwira, inalidi yopindika. Analira pomwepo, chifukwa chimwalirire mkaziyo panalibenso wowayang'ana kumbuyo.

Lachinayi abwana anawaitana. Anati anthu akuopa kutsegula kalendala, ntchito yaima, ndiye pofika Lachisanu madzulo zonse za m'makinawo zifufutidwe, ayambirenso pa makina ena.

"Pepani, bambo," anatero abwanawo motsitsa mawu, "koma opita anapita."

Lachisanu anthu ataweruka, a Mawaya analowa m'kachipindako. Munkanunkha mapepala akale. Kuwala kwa dzuwa lolowa kunkathera pakhomo, ndipo mkati munkangomveka kampepo ka makinawo, kakulira kenako n'kudukiza, ngati kupuma kwa munthu wogona. Anatsegula laputopu yawo. Masiku onsewa ankangowerenga, osayankha. Tsopano analemba msonkhano wawo, n'kuitana munthu mmodzi yekha: "Mawa, tsiku lonse, kunyumba. Bwerani, mayi a mwana. Ndakusowani."

Anadikira. Mdima unadzaza pakati pa mashelefu. Kampepo kaja kanasiya kulira, ndipo mkati mwa makinawo munamveka kugogoda, kanayi kapena kasanu.

Yankho linafika. Woitanidwayo sanavomere, komanso sanakane. Anasankha njira yachitatu imene pulogalamuyo imapereka, yopempha tsiku lina. Tsikulo linali lenileni, mwezi ndi ola lomwe, zaka makumi atatu ndi chimodzi kutsogolo. Pansi pake panali mawu akuti: "Lerani mwana kaye. Ndidzabwera kudzakutengani ndine."

Wina akanathawa osatseka chitseko. A Mawaya anawerenga zakazo pa zala, ndipo chimene chinawapweteka n'chakuti zinali zambiri. Anadina povomera, analemba tsikulo pa kapepala n'kukapinda m'thumba la shati, kenako anafufuta zonse monga anauzidwira.

Potuluka, mlonda anawafunsa monong'ona ngati zija zatha.

"Zatha," anatero a Mawaya. "Tapangana tsiku."