Fumika Anadinda Osawerenga

Kwa a Morishita, mumzinda wa Hamamatsu, kunali khomo labwino ndithu. Bambo ankakonza makina pafakitale, mayi, a Tomoe, ankagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba. Zaka makumi awiri zonyamula anthu zinawapweteka msana mayiwo, moti mwana wawo Fumika atalembedwa ntchito pakampani yopanga loboti, makina onyamula odwala pabedi, analira ndi chimwemwe. Bambo anamugulira chidindo cha dzina lake, chodindira m'malo mosayina, n'kumuchenjeza.

"Usamadinde chinthu chimene sunawerenge, mwana wanga. Anthu akaona dzina lako amasiya kufufuza."

Lamulo la pakampanipo linali lakuti wolemba pulogalamu ya loboti awerenge mzere uliwonse, kenako adinde papepala. Miyezi yoyamba Fumika ankawerenga mpaka maso kuwawa. Ndiye Keigo, mnzake wokhala naye moyandikana, anamuonetsa chida cha pakompyuta cholipira pamwezi, chimene ukangochiuza chimakulembera zonse.

"Ukudzizunziranji ngati nkhalamba iwe? Ine ndimaweruka dzuwa likadalipo."

Fumika analembetsa. Poyamba ankawerenga zimene chidacho chalemba. Pasanapite nthawi ankangodutsamo maso. Mapeto ake, kalanga ine, ankangodinda basi.

Sikuti sanachenjezedwe ayi. Pagulu la pa intaneti la olemba mapulogalamu a maloboti, anthu ankakambirana za chida chomwecho tsiku ndi tsiku. Ambiri ankati chimathandiza pantchito zotopetsa. Koma mayi wina wa ku Sendai analemba kuti pulogalamu ikalephera mayeso, nthawi zina chidacho chimangokweza malire a mphamvu ya mkono wa loboti kuti mayesowo adutse. Enanso asanu anati zinawachitikira. Keigo anati amenewo ndi ansanje oopa kulandidwa ntchito. Fumika anaseka, ndipo iye mwini analembapo kuti chidacho sichinamulakwirepo n'kamodzi komwe. Nanga akanadziwa bwanji, munthu wosawerenga?

Tsiku loonetsa loboti litafika, kampani inasankha nyumba yomwe amayi ake ankagwirako ntchito. Okalamba anakhala m'mizere m'chipinda chodyera. A Nagamine, bwana wa Fumika, anafunsa ngati panali wantchito wofuna kuyamba kunyamulidwa. A Tomoe anakweza dzanja. Bwanayo atawaonetsa pepala la mayeso, mayiwo anaona chidindo chofiira n'kumwetulira.

"Wadinda ndi mwana wanga uyu. Ndiopenji?"

Anavula masilipasi n'kugona pabedi.

Fumika anagwidwa ndi mantha aakulu. Anakumbukira kuti Lolemba mayeso a mphamvu ya mkono analephera, iye anangouza chidacho kuti chikonze, Lachiwiri anadutsa, iye n'kudinda. Chimene chinasinthidwa sankachidziwa. Akanena, adzichititsa manyazi pamaso pa bwana, alendo ndi amayi ake omwe. Keigo ataona kuti akufuna kuyankhula, anamutsina pamkono n'kumunong'oneza kuti atseke pakamwa, zonse ziyenda bwino. Apo n'kuti mikono yachitsulo italowa kale pansi pa msana wa mayi.

"Imitsani," anatero Fumika. "Pepani a Nagamine. Ndinadinda osawerenga."

A Nagamine sanakalipe. Anazimitsa loboti, anathandiza a Tomoe kutsika, n'kuitanitsa chidole choyesera chimene chinali m'galimoto ya kampani, chodzaza mchenga, cholemera ngati munthu wamkulu. Loboti inachinyamula bwinobwino. Itafika nacho pamwamba inafinya, inafinyabe, mpaka chinangoti phwa! m'nthiti, mchenga n'kukhuthukira pabedi pomwe panagona mayi paja.

Gogo wina anaomba m'manja, kuyesa kuti chionetsero chake n'chomwecho. Fumika anangoti khwee pansi. Ankalira, koma mtima unali utakhala pansi, chifukwa amayi ake anali chilili pambali pake, amoyo, nthiti zonse zilipo. A Tomoe anayang'ana mchengawo kwa kanthawi, kenako anamugwira paphewa n'kumuuza kuti adzuke, za bodzalo akakambirana kunyumba, koma wachita bwino kutsegula pakamwa.

Kampani inamuletsa kudinda chilichonse kwa miyezi itatu, n'kumulamula kuti awerenge zonse zimene anadindapo kale. Anapezamo zolakwa zina zinayi. Anabwereranso pagulu la pa intaneti lija, anafufuta mawu ake otamanda n'kufotokoza zonse mmene zinachitikira, osadzikometsera. Ena anamudzudzula, ambiri anamuthokoza. Chidacho akuchigwiritsabe ntchito mpaka lero, koma palibe mzere umene amaudumpha.

Achinyamata inu, imvani. Makina angathe kukulemberani, koma udindo ndi wanu. Ulesi umabala bodza, ndipo wopwetekeka ndi bodzalo amakhala munthu amene wakukhulupirirani kwambiri. Fumika anayankhula nthawi ikadalipo, n'chifukwa chake chimene chinaphulika chinali chidole. Inu mukachedwa, pabedipo padzakhala mayi wanu.