Mafupa Ophunzitsira Ana

Ntchito yanga ndi yokolopa mu myuziyamu ya sayansi, yaikulu ija ya dziko lonse. Ndimalowa alendo akamatuluka, ndiye changa ndi zidindo za zala pamagalasi ndi chingamu pansi pa mabenchi. Ana asukulu amabwera pamabasi kudzaona nyenyezi za kudenga ndi makina opanga mphenzi, koma chimene amathamangira ndi mafupa a munthu oimikidwa pachitsulo m'chipinda cha za thupi. Si apulasitiki ayi. Anachokera kuchipatala, mtembo wosowa mwini.

Wofotokozera alendo tinkamutcha a Pulofesa, osati chifukwa cha sukulu koma pakamwa. Ankawaveka chipewa mafupawo, kuwagwira dzanja kuti apatse ana moni. Akatero ankaloza mwendo wamanzere, umene unali ndi mfundo pakati pa fupa.

"Onani ana inu, fupa likathyoka limadzilumikiza lokha. Koma uyu anamangidwa ndi mbuli, n'chifukwa chake unapindika."

Tsiku lina ndinafika gulu lomaliza lisanatuluke. M'gululo munali mayi wachikulire woperekeza mdzukulu wake. Atamva za mwendowo anasendera pafupi. Anayang'ana mfundo ija, anayang'ana dzino lobenthuka lakutsogolo. Anakhala pansi pomwepo.

"Mbuliyo ndine, bambo," anatero. "Ndinamumanga ndi timitengo atagwa padenga. Uyu ndi mwana wanga. Anapita kokafuna ntchito osabwererako. Ndipatseni ndikamuike m'manda."

A Pulofesa anaseka mpaka misozi. "Ndiye ntchito anaipezatu, mayi! Ali moyo anaphunzitsapo ndani? Lero akuphunzitsa dziko lonse, osadandaula." Anakweza dzanja la mafupa lija n'kuligwedeza. "Tsanzika amayi ako, iwe."

Ana anafa nazo. Ine mtima unandiwawa koopsa, koma wokolopa safunsidwa maganizo. Mlonda anawatulutsa mayiwo atawagwira pamkono ngati wakuba, mdzukulu akulira pambuyo.

Kutada, m'nyumbamo tinatsala awiri: ine ndi ndowa yanga, a Pulofesa mu ofesi yawo ndi makiyi a chitseko chachikulu. Ndikukolopa pakhonde lam'mwamba ndinamva mawu kunja. Ndinasuzumira pawindo. Mayi aja anali atabwerera okha, atagwira zitsulo za geti, akuitana mmene timaitanira mwana wochedwa kosewera.

"Bwera kunyumba, kwada. Bwera, mwanawe."

Ndiye pansi, m'chipinda cha za thupi, chitsulo chinalira.

Ndinaima. Kunali zii. Kenako phazi linaponda pasimenti, go! Lina linakokedwa, khwee. Go, khwee. Munthu wotsimphina, wosavala nsapato, wosapupuluma. Anadutsa pansi pa masitepe, n'kukafika pachitseko chachikulu. Tcheni chinagwedezeka kawiri. Chinakana.

Mapazi aja anatembenuka. Analunjika ku ofesi.

Ndinamva kugogoda, kouma, kwaulemu.

"Ndani?" anatero a Pulofesa. "Mayi wokolopa, ndati musandisokoneze!"

Chitseko chawo chinatseguka. Sanakuwe. Ndinangomva phokoso limodzi, ngati nkhuni youma ikuthyoledwa pabondo. Ine ndinadzitsekera m'kachipinda ka matsache, osayerekeza ngakhale kutsokomola. Kunja mayi aja anaitanabe mpaka mawu anasasa.

M'mawa mlonda ndiye anandipeza, atalowa ndi kiyi wake pakhomo lakumbuyo, ndipo tinatsika limodzi. A Pulofesa anali m'chipinda cha za thupi, atakolekedwa kolala ya jekete pachitsulo chija, chipewa chili kumutu, dzanja lili m'mwamba. Anali moyo, maso ali tong'o. Mwendo wamanzere unali utathyoka pakati penipeni. Mafupa aja tinawapeza atagona pachitseko chachikulu, makiyi ali m'zala. Kiyi wolondola anali atalowa kale mu loko. Kunangotsala kupotokola.

Mabwana anati ndi akuba. Mlonda amanong'ona kuti kukanachedwa kucha pang'ono chabe, munthuyo akanapita kwawo. A Pulofesa sanabwererenso kuntchito, ndipo akuti mpaka lero salankhula.

Ine ndinkayesa kuti tsopano awapatsa mayiwo mwana wawo. Ndinanama. Basi yoyamba inali itaima kale pageti, ana akuimba. Mabwana anaitana wowotcherera zitsulo, naimikanso mafupa aja, n'kumanga mapazi onse awiri kusimenti ndi mabawuti onenepa ngati chala changa chachikulu. Wofotokozera watsopano amauza ana kuti n'kuopa mphepo.

Mayi aja amabwerabe pageti dzuwa likamalowa. Mlonda anatopa nako kuwathamangitsa. Akangoyamba kuitana, ine ndimatsegula mpopi mwamphamvu kuti madzi asokosere mundowa. Komabe ndimamva mabawuti aja akulira.