Injini Yokalamba Yosagona

Mayankho, wosamalira okalamba ku Evington m'dziko la Mangalande, anali ndi matenda akeake. Tsiku lopuma anzake amagona, iye amakadzipaka mwaye pa njanji yakale ya sitima zamalasha ku Loughborough. Mkazi wake ankati, "Ine ndinakwatiwa ndi mbaula."

Loweruka limenelo anaweruka mochedwa. Injini yomwe ankaiponyera malasha inali gogo weniweni. Kale inkakoka katundu, lero imangoyendetsa alendo odya masikono. Koma chaka chomwecho anali ataiika mapaipi atsopano ndi chumuni chapawiri, moti inkasunga nthunzi ngati apongozi osunga mkwiyo. Mayankho anaphwasula moto, kupukuta manja, liwiro la ku basi yotsiriza.

Pa mlatho wodutsa pamwamba pa njanji magetsi anali ozima. Chifunga chokhachokha. Kenako fungo la malasha onyowa...

Munthu! Mkulu wachimwenye, chipewa chamafuta kumutu, nyali m'manja.

"Mwana wanga, wamanga buleki?"

Chichewa! Ku Mangalande, usiku, Chichewa cha ku Limbe!

"Ndi... ndinu ndani, bambo?"

"Nkhalamba ija mwaipatsa mapapo a mtsikana, siigonanso. Nthunzi ikudonthera m'kati, timipopi tapansi toitulutsira wasiya totseka. Nanga kutsogolo kwake wagona ndani?"

Idris! Mnzake Idris anali atagona m'bogi lakale la sitima kumapeto kwa njanji yomweyo.

Mayankho anasuzumira pansi. Potembenuka... pa mlatho ali yekha.

Anathamanga. Anagwa. Anadzuka. Nsapato imodzi inatsala m'matope, sanaitsanzike n'komwe.

Injini inali kuyenda. Yokha! Popanda woyendetsa, popanda mluzu, ikunyang'ama ngati mphaka woona nyama pa mbale. Tswii... tswii... Bogi lili apo!

Anaidumphira. Anapotokola buleki mpaka zikhatho kusupuka, n'kutsegula timipopi. Fwaaa! Nthunzi ponseponse. Zitsulo zinalira.

Inaima.

Pakati pa injini ndi bogi sipakanadutsa ngakhale nkhuku. M'katimo Idris anali kuliza mkonono ngati wamwa wa ukwati.

Kutacha, Hazel, mayi wophika tiyi pa siteshoni, anamuthirira shuga masipuni anayi mu tiyi. Maso a Mayankho anagwera pa chithunzi cha pakhoma. Chipewa chomwe chija!

"Mayi, awa ndi ndani?"

"Abdulkader. Ntchito anaphunzirira kwanu ku Limbe. Usiku uliwonse ankazungulira ndi nyali, kugwedeza buleki ya injini iliyonse. Sankakhulupirira munthu."

"Amakhala kuti? Ndikawathokoze, ndinakumana nawo dzulo."

Hazel anaika ketulo pansi pang'onopang'ono.

"Dzulo? Tinawaika m'manda mu 1998. Nyali yawo ndi iyo tinapachika apo. Chimwalirireni siinayakeponso."

Mayankho anaimirira, n'kuikhudza ndi chala.

Inali yofunda.