Mlendo Wochokera pa Madzi Oundana

"Kodi kwanu munthu amatha kufa ndi kuzizira?"

Agogo Torvald anamufunsa zimenezi Tawina tsiku loyamba lenilenilo, akuwatsuka mapazi. Iye anaseka, nati kwawo ku Dedza chisanu cha mu Juni chimang'amba zidendene, koma sichipha. Nkhalambayo inangomusunthira mbale ya zipatso za kanjedza kuti atoleko.

Tawina anali namwino, wolembedwa kuti azigonera nkhalamba ya ku Norway imeneyi m'nyumba yosanja ya pa chilumba cha Pearl, mumzinda wa Doha, kumene inkakhala ndi mwana wake wamkazi. Ana a Tawina anatsala kwa mayi ake, ndipo sukulu yawo inkadalira ntchito yomweyi.

Unali mwezi wa Ogasiti, pamene Doha imatentha mpaka chigwiriro cha galimoto kuwotcha dzanja. Koma usiku wina Tawina anaona mpweya wake ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Anathimitsa AC, makina oziziritsa m'nyumba, kuzizira osasintha. Galasi la chitseko cha kukhonde linachita mbuu, ndipo atalikhudza chala chinakanirira. Kenako kunamveka kugogoda, osati kwa pagalasi, koma kwa chitsulo chomenya chitsulo chinzake: ngo, ngo, ngo. Khondelo linali m'mwamba kwambiri, kosafika ngakhale mphaka.

Kutacha agogo anayamba kukhosomola.

"Ukumatsitsa AC kuti ugone bwino," anatero madamu, mwana wa nkhalambayo. "Bambo anga akadwala chibayo, kontirakiti yako yatha. Ukwera ndege kubwerera kwanu."

Tawina atatsika anafotokozera Macfussy, mlonda wa pageti, Mmalawi mnzake amene ankamusungira tiyi m'kapu yapepala m'mawa uliwonse.

"Asisi, makilina akhala akunong'ona za nyumba imeneyo," anatero Macfussy motsitsa mawu. "Akuti amapeza madzi pakhonde. Nanga mvula kuno munaiona liti? Chogogoda usiku sachiyankha, zimenezo munaphunzira kumudzi. Khalas, basi, ingotsekani makutu."

Anatsekadi makutu, koma kugogoda kunkabwera usiku ndi usiku, kukulirakulira, ndipo chifuwa cha agogo chinayamba kulira ngati mluzu. Madamu anasiya kumupatsa moni.

Usiku wina nkhalambayo inamugwira dzanja.

"Nawenso ukumumva?" inanong'ona.

"Ndani, agogo?"

"Anders, makaniko wathu. Ndinali wa pawailesi m'ndege yonyamula katundu, tikuchoka ku Canada kupita ku Ulaya, mayi ako asanabadwe. Injini zinazima tili pamwamba pa Greenland. Tinatera chamimba pa madzi oundana, kopanda mtengo, kopanda nyumba, kuyera kokhakokha. Ine ndinathyoka mwendo. Anders anavula chijasi chake n'kundifunditsa, natuluka kukadzutsa mlongoti wa wailesi kuti atipeze. Chimphepo chinabuka, chitseko chinaundana. Iye ankagogoda ndi sipanala, anzanga mkati akukankha mpaka zikhadabo kuzuka. Sichinatseguke."

"Anagogoda mpaka liti?"

"Mpaka pano, mwana wanga. Kale ankabwera kumaloto kokha."

Ngo, ngo, ngo.

Tawina anakumbukira mawu a Macfussy. Koma kumudzi komweko anaphunziranso kuti munthu woima pakhomo, ngakhale wosamudziwa, samusiya panja akunjenjemera. Ndipo akangokhala chete, chifuwachi chiwatenga agogo, ana ake n'kusiya sukulu. Anadzuka n'kupita pa chitseko cha kukhonde chija. Chigwiriro chinali chitauma gwa. Anatenga ketulo n'kuthira madzi ofunda pang'onopang'ono m'mphepete mwa chitsekocho, mpaka chinachita phwa, n'kusuntha.

Kunja nyali za maboti zinkawala pansi, phee. M'malo mwa chifundizi cha Doha munalowa mphepo yobaya mafupa, yonunkha mafuta a injini.

Tawina anapatuka, nawomba m'manja pang'ono monga amachitira kwa akulu.

"Lowani, bambo," anatero m'Chichewa. "Mwazizidwa."

Kapeti inabonyeka pamalo pamodzi, kenako patsogolo pake, kenakonso patsogolo, malo aliwonse atanyowa. Mpando wa pafupi ndi bedi unalira ngati wakhalidwa ndi munthu wotopa.

Madamu anali ataima pakhomo la chipindacho, atadzutsidwa ndi kuzizira, mawu okalipa ali kale kukamwa. Anayang'ana chitseko chotsegula, anayang'ana kapeti, anayang'ana mpando. Anasendera kwa Tawina n'kumugwira mkono ndi manja onse awiri.

"Usachoke," ananong'ona. "Chonde, Tawina, usadzatichokere."

Agogo Torvald anadzutsa mutu movutika. Anakoka bulangete limene anafunda, nalitambasulira pampando paja. Bulangetelo silinagwe. Linakhala m'mwamba, litakuta mapewa osaoneka, ndipo m'mphepete mwake munapindika pang'onopang'ono, ngati wina akulikokera pachifuwa.