Chipata Chimene Zito Sanadutse

Madzulo amenewo ku Mandimba kunalibe chachilendo. Machapa, timabasi tonyamula anthu, ochokera ku Cuamba anali atatsitsa anthu omaliza, ndipo mphepo ya mwezi wa Juni inkalowa mpaka m'mafupa. Zito, wokonza njinga wa pafupi ndi msika, anasamba, anadya, anakhala pamphasa kutsogolo kwa televizau yake yaing'ono monga ankachitira tsiku lililonse. Mkazi wake Zaituni anangomuyang'ana, n'kudzifunditsa chitenje, n'kulowa kuchipinda. Anali atatopa nako kulankhula.

Chomwe chinkamukhazika pamphasapo chinali kamakina kakale ka masewera, kolumikiza ku televizau, kamene kuno timangoti jogu. Mkulu wake Sulemane, wogulitsa nsomba zouma, anakagula ku Cuamba zaka zambiri zapitazo, kali kotha kale, ndi kaseti imodzi yokha komanso zogwirira ziwiri za zingwe zotchedwa makomando. M'jogumo munali anthu awiri otsekeredwa mu mgodi, wina wonyamula nyali, wina fosholo. Zito ankakhala wa nyali. Wa fosholo anali Sulemane.

Abale awiriwo anakwatira akusewera jogu imeneyo, imvi zinayamba akuisewerabe. Ankaseka mpaka oyandikana nawo kudandaula. Koma chipata chomaliza sanachidutsepo. Pamenepo pamafunika kuti wina aponde pamwala, chipata chitseguke, mnzake adutse madzi asanadzaze mu mgodi. Nanga atsale pamwala ndani? Nthawi zonse ankakangana, uyu akuti pondani inu, uyo akuti ponda iwe ndiwe mwana, mpaka madzi kuwamiza onse awiri.

Sulemane anadwala masiku asanu okha. Ali pabedi kuchipatala anamugwira Zito dzanja, akuseka mofooka. «Ndikatuluka muno, tikamalize kanthu kaja.» Sanatuluke.

Apa ndi pamene Zito analakwa. Kwathu kuno, pa sadaka ya masiku makumi anayi, katundu yense wa malemu amatulutsidwa pabwalo kuti amalume agawe, ngakhale singano. Anatulutsa mikanjo, sikelo ya nsomba, njinga imene inapita kwa msuweni wa ku Ngauma. Kamakina kaja sikanaoneke. Zito anali atakabisa m'thumba la matayala akale, ndipo amalume atafunsa ngati zatha, iye anayang'ana pansi n'kuvomera.

Kuyambira pamenepo ankasewera yekha, komando imodzi m'manja, inayo ndi zala za kumapazi. Bambo wa ana atatu, ndevu zili mbuu, kumakanda pulasitiki ndi chala chachikulu cha phazi! Kukanakhala kuti kunkamukomera, bwenzi tikuti musiyeni. Koma ayi. Kanyimbo ka jogu kankamupweteketsa mutu. Ankakhala pamphasapo ngati munthu wolima munda wa eni. Komabe akaganiza zosiya, mtima unkamuuza kuti akumuika mkulu wake m'manda kachiwiri.

Kenaka Lachiwiri la sabata imeneyo makoswe anadya chingwe cha komando yachiwiri, kuchiduliratu. Choncho madzulo amenewo Zito anali pamphambano: akwere chapa mawa akasakesake ina ku Cuamba, kapena avomereze kuti zalephereka? Anayatsa jogu asanapeze yankho. Wa nyali ankayenda. Wa fosholo anangoti chilili.

Galu amene ankauwa panja anasiya mwadzidzidzi.

Ndiye kunamveka njinga. Kwee, kwee, kwee, pang'onopang'ono, kuchokera kumsewu. Zito amadziwa njinga iliyonse ya m'dera lake ndi khutu, monga mayi amadziwira kulira kwa mwana wake. Iyi anaidziwa. Inali ndi chopondera chakumanzere chokhota, chimene anachiwongolapo katatu konse. Koma njinga imeneyo inali ku Ngauma.

Kulirako kunaima pakhomo.

«Odi.»

«Lowani,» anatero Zito, pakamwa patayankha pokha monga mwa chizolowezi.

Mphepo yozizira inamukhudza pakhosi. Winawake anakhala pakampando kumbuyo kwake, chakumanzere. Zito sanatembenuke. Pagalasi la televizau ankangoona chithunzithunzi cha munthu wovala jekete, mpango atakulunga mpaka m'mphuno. M'nyumba munadzaza fungo la nsomba zouma.

«Ndine wapaulendo,» anatero mlendoyo ndi mawu apansipansi. «Ndinamva kanyimbo.»

Dzanja linadutsa pambali pa Zito n'kutola komando yachiwiri.

«Imeneyo sikugwira ntchito, bambo. Makoswe.»

Mlendoyo anaigwira chozondotsa, monga ankachitira Sulemane, munthu wamanzere. Chingwe chodukacho chinali lende, nsonga yake ikukhudza mphasa.

Wa fosholo anasuntha.

Zito anafuna kuitana Zaituni, koma maso anakana kuchoka pa televizau. Wa fosholo anapita patsogolo pang'ono, anaima, anatembenuka ngati akudikira. Zito, posowa chochita, anayendetsa wa nyali kumutsatira.

Anadutsa phanga la mileme. Anadutsa mlatho wothyoka. Atafika pa dzenje lachitatu, pamene Sulemane ankagwera chaka ndi chaka osaphunzira, wa fosholo anathamanga, analumpha, anagweramo. Kumbuyo kunamveka kutsonya.

Zito anaseka. Sanafune, kunangotuluka kokha, kuseka kwake koyamba m'miyezi isanu ndi itatu. Kumbuyo nakonso kunamveka kuseka, kouma, kwapansipansi. Thupi lonse linachita tsembwe, misozi ikutsika, koma zala zinapepuka. Anali ndi mantha, inde, koma analinso wokondwa, ndipo sanadziwe kuti chachikulu ndi chiti.

Anafika pachipata chomaliza. Madzi anayamba kukwera. Zito anatsegula pakamwa kuti ayambe mkangano wa masiku onse, koma wa fosholo anali atapita kale. Anaponda pamwala. Chipata chinatseguka, kuseri kwake kukuwala. Madzi anafika m'mawondo n'kuima pomwepo, chinthu chimene sichinachitikepo.

«Chipata ndi icho,» anatero mlendo.

«Nanga inu mutsala?»

«Ine ndinatsala kale.»

Kunja kunali zii. Ngakhale nkhululu sinalire.

«Ndikufunse, Zito.» Zito anali asanamuuze dzina. «Chimakukomerabe chimenechi?»

Zito anayang'ana komando ili m'manja mwake. Bodza anali ataliyesa kale kwa amalume, ndipo linamulemera.

«Ayi, achimwene. Chinasiya kalekale kukoma.»

«Nanga ukudzivutitsiranji?»

«Munati tikamalize.»

Kunamvekanso kutsonya kuja. «Iwe, ine ndinagula choti tiziseka. Sindinakugulire khasu. Ukafuna, dutsa, ndakupondera. Ukapanda kufuna, zimitsa ukagone, alamu anga akuzizidwa uko. Koma za eni uzitulutse pabwalo.»

Zito anayang'ana chipata. Masitepe atatu okha, zonse zikanatha. Anayang'ananso wa fosholo, ali yekha pamwala, madzi m'mawondo. Anafunsa mtima wake ngati ukufunadi kuona za kuseriko, ndipo mtima unayankha mosabisa kuti ayi. Chimene ankachifuna miyezi yonseyo chinali kuseka kuja, ndipo anali atakulandira. Anaika komando pamphasa pang'onopang'ono, n'kutembenuka.

Pakampando panalibe munthu. Komando yachiwiri inali pampandopo, chozondotsa. Chitseko chinali chotseka, mpiringidzo uli m'malo mwake, momwe anaupiringidzira yekha asanadye.

Sanathe kudzuka. Batire lake la sola, limene silidutsa maola atatu, linayakabe. Wa fosholo sanachoke pamwala. Chipata sichinatsekeke. Zito anakhala pomwepo, atafunda mikono yake, mpaka kumzikiti kunamveka kuitana kwa swala ya m'bandakucha. Pamenepo anatambasula dzanja.

«Zikomo, achimwene. Tsikanipo tsopano, mwatopa.»

Anazimitsa.

Zaituni anamupeza akukulunga zingwe. «Mwamaliza?»

«Ayi.»

«Ndiye mukupita ku Cuamba?»

«Ayi. Ndikupita kwa amalume. Undikhululukire, mayi, ndakusiya wekha nthawi yaitali.»

Zaituni anamuyang'anitsitsa. Kenaka ananunkhiza m'mwamba, anayang'ana kampando kaja. Anangopita kukateleka madzi a tiyi.

Amalume anamukalipira mokwanira, pamaso pa abale, monga kuyenera. Atatha anaika kamakinako pamphasa pabwalo, anakagawa ngati momwe akanachitira tsiku la sadaka, ndipo kanapita kwa Sumaia, mwana wamkulu wa malemu, amene anakwatiwa ku Ngauma. Zito anabwerera kunyumba manja ali m'thumba, akuimba mluzu.

Nkhani sinachedwe kuyenda. Mayi Mariamo, a nyumba yoyandikana, amanong'oneza aliyense kuti usiku umenewo anamva anthu awiri akuseka, ndipo m'mawa anaona mzere wa tayala la njinga pafumbi, wolowera pakhomo pa Zito, wopanda wobwerera. Iwo amati malemu anabwera kudzalondola katundu wake wosagawidwa. Msuweni wa ku Ngauma amalumbira kuti anapeza njinga ili m'nyumba momwe anaisiya, koma matayala ali ndi fumbi latsopano. Ena amangoti Zito anawodzera, basi.

Iye satsutsa aliyense. Achinyamata obwera kudzapopa njinga amamuuza kuti mathero a jogu imeneyo angathe kumuonetsa pafoni, mphindi ziwiri zokha. Zito amapukusa mutu akumwetulira, n'kupitiriza kumanga sipoko. Za kuseri kwa chipata sazifuna. Chimene amachisunga n'chakuti zaka zonse zija ankakangana kuti atsale pamwala ndani, ndipo usiku umenewo mkulu wake anapondapo yekha, osapemphedwa.