Belu la Zuleha

Zuleha ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Amakhala ku Lichinga, kumene kumazizira mpaka mano kuwombana. Zuleha akufuna chinthu chimodzi chokha. Akufuna kuyankha dzina lake kusukulu.

Kunyumba Zuleha amalankhula. Amalankhula ndi amama. Amalankhula ndi nkhuku. Amalankhula ngakhale ndi nsapato zake.

Koma akangolowa pageti la sukulu, mawu amathawa. Amabisala pakhosi. Amakana kutuluka.

M'mawa uliwonse aphunzitsi a Elisabete amatsegula buku la mayina. Ana ndi ambiri. Ena amakhala pa benchi, ena pansi.

"António?"

"Prezente!"

"Telmo?"

"Prezente!"

Dzina la Zuleha lili kumapeto. Amadikira. Mtima umagunda, gu, gu, gu.

"Zuleha?"

Zuleha amatsegula pakamwa. Zii.

Aphunzitsi samuona kumbuyoko. Amalemba kuti sanabwere.

Lachisanu lina aphunzitsi anatumiza kalata. Amama anaiwerenga kawiri.

"Akuti Zuleha wajomba sabata yonse," anatero amama. "Akapitiriza, amufufuta m'buku."

Ababa ake, a Aly, amanyamula anthu pa mota, njinga yamoto. Anadzikanda kumutu.

"Wajomba? Amake Zuleha, nanga amene ndimakatula pageti tsiku ndi tsiku ndani? Thumba la mbatata?"

Zuleha sanaseke. Misozi inalengeza.

"Ababa, ine ndimakhalapo. Ndimafuna kuyankha. Koma mawu amakana."

Ababa anasiya nthabwala. Anakhala pansi pafupi naye.

"Mwanawe, mota yanganso imakana kulira kukazizira. Kodi ndimaimenya?"

"Ayi."

"Ndimaikalipira?"

"Pang'ono," anatero Zuleha.

"Chabwino, pang'ono. Koma kenako ndimaidikira."

Ababa anakoka bokosi la zitsulo zakale. Anafufuza, anafufuza. Anatulutsa belu la njinga. Linali ladzimbiri. Zuleha analipukuta ndi phulusa mpaka linawala.

Ngiriii!

Nkhuku zinathawa. Zuleha anaseka.

Lolemba ababa sanabwerere pageti. Anaimika mota. Analowa ndi Zuleha, atagwirana manja.

"Aphunzitsi, wojomba uja ndi uyu," anatero ababa. "Si mwano ayi. Kunyumba ndi wailesi. Kuno mantha amamutseka pakhosi."

Aphunzitsi anagwada kuti alingane ndi Zuleha.

"Pepa, Zuleha. Sindimakuona. Alipo ana ena otero. Sachita dala. Ine sindikukakamiza."

Zuleha anayang'ana pansi. Kenako anatulutsa belu m'thumba la juzi. Aphunzitsi analiyang'ana. Anagwedeza mutu. Anamupatsa malo kutsogolo.

Buku la mayina linatsegulidwa.

"António?"

"Prezente!"

"Telmo?"

"Prezente!"

Mtima unagunda, gu, gu, gu. Zuleha anagwira belu mwamphamvu. Linali lozizira. Linali lake.

"Zuleha?"

Ngiriii!

Kalasi yonse inatembenuka. Aphunzitsi analemba kuti Zuleha alipo.

Telmo anakweza dzanja. "Aphunzitsi, nanenso ndikufuna belu."

"Iwe Telmo, pakamwa pako ndi belu kale."

Ana anaseka. Sanaseke Zuleha. Anaseka Telmo. Telmo nayenso anaseka.

Madzulo amama anaphika nyemba ndi mbatata. Ababa anatenga chivundikiro cha mphika. Anachigwira ngati buku la mayina.

"Amake Zuleha?"

"Ndilipo. Bwezani chivundikirocho."

"Nyemba?"

Zii.

"Nyemba zajomba," anatero ababa. "Zuleha?"

"Prezente!" anakuwa Zuleha, mpaka galu wa apaneba anauwa.

Kenako anafunsa chapansipansi. "Ababa, kodi mawu adzafika kusukulu?"

"Adzafika. Akubwera wapansi, alibe mota. Pakadali pano belu likuwasungira malo."

Zuleha anapukuta belu. Analiika m'thumba la juzi. Mawa dzina lake lidzakhalanso kumapeto. Zuleha adzalidikira.