Chikoti cha m'Kabati ya Ahedi

Dikishonale anali atagona pamachira, suti yoyera ikumuthina m'khwapa, anzake anayi atamusenza kulowa naye muholo.

Dzinali anamupatsa ndi anzake chifukwa cha Chingerezi chake chosatha. Munthu akangoseka mokweza, iye amvekere, "Anthu osatukuka inu." Ndiye pamene aphunzitsi a mbiri ankagawa mbali za sewero la chaka ndi chaka, la mzungu amene anayambitsa sukuluyo, palibe anadabwa kuti ubwana wagwera iye. Ankaulota kuyambira tsiku limene anafika pasukulupo. Anzake anayiwo anawaveka ziguduli n'kuwapaka makala kumaso, ngati kuda kwawo kunali kosakwana.

Bambo ake, omwe anali telala, ndi amene anasoka sutiyo. Atamaliza anangoti, "Agogo anga anasenza machira zaka zisanu ndi ziwiri. Phewa lawo linatupa ngati linunda la ng'ombe. Vala, tione ngati yakukwana."

"Bambo, zimenezo n'zakale," anayankha Dikishonale, maso ali pagalasi.

M'mawa wa sewerolo aphunzitsi anatsegula kabati ya muofesi ya ahedi n'kutulutsa chikoti cha mzunguyo, chenichenicho, chomwe ankachipaka mafuta chaka chilichonse ngati chuma.

"Ukafika pakati pa holo ukwapule m'mwamba," anamuuza, "kenako unene kuti, 'Ndabwera kudzakuchotsani mumdima.' Makolo amakonda pamenepo."

Wosenza kutsogolo anali Chimtali, mnzake wa desiki imodzi, yemwe ankamubwereka cholembera chake chikatha. Atafika pakati, Dikishonale anakweza mkono monyada. Koma chikoti sichidziwa sewero. Nsonga yake inapinda n'kutera pamsana pa Chimtali kuti kwapu! Chiguduli chinang'ambika, magazi n'kuyamba kuchucha. Chimtali anabuula, koma mtengo wa machira sanautaye poopa kugwetsa mnzake.

Holo yonse inawomba m'manja, ena mpaka likhweru. "Koma ana awa akutha," anatero bambo wina wa tayi pampando wakutsogolo.

Dikishonale anayang'ana chogwirira cha chikoticho, chosalala, chakuda ndi thukuta la dzanja limene linkachita zimenezi osati mwangozi, ndiponso osati kamodzi. Chithunzi cha mwini dzanjalo chinali pakhoma, pansi pake atalemba kuti Tate wa Chitukuko. Zinamunyansa zonse: chithunzicho, kuwomba m'manja kwa makolowo, ndi iye mwini.

"Nena mawu ako," ananong'ona aphunzitsi kuseri kwa katani.

"Nditsitseni," anatero Dikishonale.

"Sitinafike, aise," anayankha Chimtali, atalumanitsa mano.

"Ndati nditsitseni."

Anatsika, anasiya chikoti pansi, n'kuvula jekete loyera lija kufunditsa mnzakeyo. Magazi sanachedwe kulowerera.

"Wawononga sewero," anatero aphunzitsi akutuluka kuseri kuja, nkhope itakwinyika. "Taona zimene wachita ndi suti yabwinobwino."

Bambo a Dikishonale anali atanyamuka kale kumbuyo. Anadutsa pakati pa mipando osafulumira, anagwira Chimtali pamkono kuti asagwe, n'kuyang'ana banga lofiira likukula pajeketelo.

"Musadandaule, aphunzitsi," anatero. "Ndinasoka ndine. Tsopano ndiye yafanana ndi ya mzungu mwiniwakeyo."